Lachitatu, mawu a agogo pa WhatsApp

Nkhani ya wophunzira wanga wina, mtsikana wa chaka chachitatu, sikundichoka m'mutu. Wabwera masana ndi mawu amene anajambula agogo ake kumudzi, akufuna kuyeza kusiyana kwa p ndi ph. Mafayilo onse anadutsa pa WhatsApp. "Komatu akumveka bwinobwino, aphunzitsi." Kukhutu akumvekadi, koma titawatsegula pa Praat, pulogalamu ya pakompyuta yoyezera mawu, zinali zina.

WhatsApp imafinya fayilo, ndipo zimene zimawonongeka msanga ndi timaphokoso tofooka, monga kampweya kosiyanitsa pala ndi phala. Kampweya komweko ndi kamene iye akufuna: mamilisekondi oyambira pamene milomo yatseguka kukafika pamene kholingo layamba kunjenjemera. Malirewo akafufutika, munthu umangolota poika chizindikiro. Kujambula koyenera ndi kwa WAV, mtundu wa fayilo yosafinyidwa, pa 44,100 Hz, maikolofoni ili masentimita 15 kapena 20 kuchokera pakamwa, chapambali pang'ono kuti mpweya wa ph usaiwombe. M'nyumba ya malata mvula ikugwa, osayerekeza.

Chandipweteka kwambiri n'chakuti anawatchulitsa agogowo mawu motsatizana ngati akuitana mayina m'kaundula. Munthu akamatero amakweza mawu pa liwu lililonse n'kudzatsitsa pa lomaliza. Komanso Chichewa chimatalikitsa phatikizo lotsatizana ndi lomaliza pamene wolankhula akupumira, ndiye liwu lotchulidwa palokha limatuluka lokokedwa. Liwu liziikidwa pakati pa chiganizo chimodzimodzi, monga "Nenani phala kawiri", lililonse katatu, mndandanda utasokonezedwa.

Kenaka mtsikanayo anati Chichewa n'chosavuta poti chimalembedwa mmene chimamvekera. Apa ndiye mtima unanditentha. B woyamba wa bambo timamutchula kholingo likutsika, mpweya ukukhala ngati ukubwerera m'kati, pamene wa mbale satero, koma chilembo n'chimodzi. Mtengo wa mango uli ndi kamvekedwe kokwera pa te, mtengo wa pamsika ulibe, ndipo papepala sungawasiyanitse. Ana amaphunzira zonsezi asanagwire pensulo, n'chifukwa chake akuluakulufe sitizimvanso. Mwina ndinalankhula mokalipa, njala inalinso itandigwira.

Kwa agogowo n'kutali, ya minibasi alibe, ndipo ntchito ikufunika Lachisanu. Kutalika kwa mavawelo kungayezeke ngakhale pa mafayilo ofinyidwawo, koma pamenepo ndiye kuti wasintha mutu wa kafukufuku, ndipo vuto la mndandanda lija likadalipo. Ndamuuza abwerenso mawa m'mawa ndi foni imene anajambulira, tione ngati muli fayilo ina yosadutsa pa WhatsApp. Ngati mulibe, kaya.