Sabata ya 17 May tinakalambula manda a mnzathu

Sabata imeneyi kuno ku Angónia m'dziko la Mozambique kunalibe kupuma, paja Loweruka pa 17 May 2025 polisi yathu imakwanitsa zaka 50 chiyambire mu 1975, ndiye kuyambira Lolemba m'mawa uliwonse kunali kuguba pabwalo, kuzizira kwa ku Ulongué mukukudziwa kuja zala mpaka kuuma mfuti osaimvanso m'manja. Tikachoka apo ntchito ya masiku onse ili podikira, ino ndi nyengo yokolola anthu ali ndi ndalama za chimanga ndi kachewere, akuba nawonso sakugona. Lachiwiri lonse linathera pa ng'ombe zomwe zinaolotsedwa malire usiku cha ku Calómuè, tinaimbirana ndi anzathu a ku Dedza ndipo nkhaniyo ikadali m'manja.

Koma ine chandikhala pamtima ndi cha Lachinayi.

Kuli madala ena anapuma ntchito kalekale, anagwira upolisi nthawi ija polisi inkatchedwa PPM dzina la lero la PRM lisanabwere mu 1992. Anatipeza tikumwa tiyi nkuti, "Ana anga, maluwa mukaika kwa ngwazi Loweruka n'zabwino, koma mnzanga wagona patchire udzu wam'meza." Tonse tinangoti zii. Mnzawoyo anafa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni akuperekeza lole ya chimanga pamsewu wotsikira ku Mussacama, masiku amenewo galimoto sinkayenda yokha popanda mfuti pamwamba. Zigawenga zinawatchera pakona. Akuti iye akanatha kuthawa ngati ena, koma anatsalira pansi pa lole akuombera mpaka azimayi omwe anakwera pamatumba atalowa m'tchire. Anamuika usiku mothamanga, opanda nyimbo opanda bokosi, mumphasa basi, ndipo posakhalitsa mudzi wonse unathawira ku Malawi monga anachitira anthu ambiri akuno omwe anadzaza Dedza ndi Ntcheu.

Ashefi anatiloleza. Tinayamba tafika kwa anyakwawa chifukwa kumanda salowa chilowelowe ngakhale uvale yunifomu, iwo anatipatsa anyamata ndi makasu. Amayi amasiye alipo mpaka lero, akalamba ayi ndithu koma ndi omwe anatitsogolera. Anati atabwerako kothawa, mtendere wa pa 4 October 1992 utasainidwa ku Rome, anapeza mtumbira utafafanizika, anauzindikira ndi mtengo wa msuku womwe unali kumutu. Tinalambula, tinaunjikanso dothi nkuzunguliza miyala.

Titamaliza anamasula mfundo ya chitenje nkutulutsa kachithunzi ka pachitupa kokulunga mupepala la shuga, kachita chikasu m'mphepete monse. Kanyamata ndithu, ndevu sizinamere bwino, ine pano ndamuposa zaka. Anandigwira mkono nkuti, "Mwana wanga, ndimayesa nonse munamuiwala." Ndinangoti, "Ayi amayi, tabwera," pakhosi panali patatsekeka. Mwana yemwe anali m'mimba nthawi imeneyo anaima pambali, bambo wa ana ake tsopano, atate wake amawadziwira pakachithunzi komweko.

Anthu amatinena zambiri apolisi, zina zoona sindikana, koma pamsewu womwewu timaimitsapo machapa (maminibasi) lero panagwa munthu wa ntchito yathu kuti ena apulumuke, ndipo ambiri aife tinkadutsapo osadziwa. Zimenezi zinandiwawa kwambiri. Madala omwe akudziwa nkhanizi akutha mmodzimmodzi, akapita ndiye kuti mayina apita nawo.

Loweruka tinaguba bwinobwino, maluwa tinaika, ng'oma zinalira. Madzulo ake tinagwirizana kuti malipiro akatuluka aliyense asonkhe kangachepe tigule simenti, chiliza chimangidwe mvula isanagwe, dzina ndalemba kale mukabuku kanga monga anatchulira amayiwo. Madala aja akuti aliponso ena cha ku Domue ndi ku Tsangano omwe anagona chimodzimodzi, ndiye amene muli ndi agogo odziwa malo afunseni mutiuze, makasu tili nawo.