Zikomo kwa nonse amene munawerenga nane nyemba

Setifiketi yafika Lachiwiri. Uthengawo unandipeza ndili pa makina osokera, diresi ya kasitomala ili pamiyendo, ndipo ndinangoti duu mpaka mnzanga wa tebulo loyandikana anafunsa ngati kwagwa zovuta kumudzi. Ndinangomupatsira foni kuti awerenge yekha. Ndatsiriza gawo loyamba la maphunziro a Applied Behaviour Analysis, amene ambiri amangoti ABA, ofufuza chifukwa chimene munthu amachitira khalidwe lina ndi mmene angathandizidwire kulisintha, gawo la anthu ogwira ntchito ndi ana maso ndi maso moyang'aniridwa ndi katswiri. Pa pepalapo palembedwa dzina limodzi, ndiye ndati ena onse amene munayenera kulembedwapo ndikutchuleni pano, poyera.

Amene mumatidziwa kuno ku Mabvuku, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, mukumudziwa mnyamata wathu. Ali ndi zaka 8 tsopano. Mawu akuti autism, kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo kumene kumakhudza mmene mwana amalankhulira ndi kukhalira ndi anthu, tinawamva koyamba ali ndi zaka 4, kuchipatala chachikulu cha Sally Mugabe, chimene akuluakulu akadali kuchitchula kuti pa Gomo. Tisanafike kumeneko tinali titamva zambiri. Ena ankati tinakhwimira mwana kuti malonda ayende. Ena ankati tamusokoneza tokha pomuyankhula Chichewa m'nyumba, Chishona pabwalo, Chingerezi pa TV. Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinkandidula mtima ndi phokoso la mutu wake pa khoma. Madzulo aliwonse, gu, gu, gu, mpaka pamphumi panachita chipsera chimene chilipo mpaka lero.

Ndiyambe ndi inu amayi anga, agogo ake, chifukwa popanda inu bwenzi ndikungolankhula za m'buku.

Phunziro loyamba lenileni la ABA ndi kuyang'ana ndi kuwerenga. Usanayambe kukonza khalidwe lililonse, umalemba zinthu zitatu: chimene chachitika khalidwelo lisanayambe, khalidwe lenilenilo monga waliona ndi maso ako, ndi chimene chatsatira. Sulemba kuti "anakwiya" kapena "anachita mwano", chifukwa zimenezo ndi maganizo ako. Umalemba kuti "anamenyetsa mphumi pa khoma kanayi". Vuto linali lakuti ine ndimachoka m'mawa kupita kutauni, ndipo amene amatandala ndi mwana ndi amayi. Amayi anabadwira ku Dedza, anabwera kuno mzindawu ukutchedwa Salisbury, kutsatira malemu bambo amene ankaphika m'nyumba za azungu ku Highlands. Kusukulu sanapiteko. Nditawaonetsa fomu ya mizeremizere ija anaiyang'ana, n'kuibweza, n'kulowa m'khitchini. Anatuluka ndi makapu atatu achitsulo ndi kambale ka nyemba. "Iyi ya m'mawa, iyi ya masana, iyi ya madzulo. Akagunda kamodzi, ndiponya imodzi. Zolembazo ukabwera uzidzalemba wekha, ine ndizikuuza."

Tinachita zimenezo milungu iwiri. Usiku uliwonse ndinkakhuthula makapu pa tebulo, kuwerenga, kulemba, amayi akundifotokozera zimene zinkachitika nthawi iliyonse nyemba isanagwe. Kapu ya m'mawa inkakhala ndi ziwiri kapena zitatu. Ya masana nthawi zina inkagona yopanda kanthu. Ya madzulo inkalemera m'manja. Ndipo nkhani ya madzulo inali imodzimodzi: ana aweruka kusukulu, wailesi ikulira, miphika ikugundana, magetsi akazima jenereta ya pafupi yayamba kubangula. Mwana akagunda mutu, wina ankamunyamula msangamsanga kupita naye panja, kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mapeyala, kumene kuli zii. Akafika kumeneko ankatonthola.

Amayi ndi amene anayamba kuziona, ine ndisanamalize n'kuwerenga komwe. Anati, "Mwanayu akupempha kutuluka. Khomalo ndiye pakamwa pake." Ndinalira usiku umenewo. Zaka zonsezi ankatiuza chinthu chimodzi, ndipo njira yokhayo imene ife tinkamumvera mwachangu inali yopweteka ija.

M'maphunziro amati khalidwe lotere limakhala ndi ntchito imene likugwira, ndipo kawirikawiri ndi imodzi mwa zinayi: kufuna kuti anthu akucheukire, kuthawa chinthu chosautsa, kupeza chinthu chimene ukufuna, kapena kumva kenakake m'thupi mwako momwe. Brian Iwata ndi anzake anaonetsa mu 1982 mmene munthu angafufuzire zimenezi mwa ana odzivulaza okha, ndipo mu 1985 Edward Carr ndi Mark Durand anaonetsa kuti ukamuphunzitsa mwana njira ina yopemphera chinthu chomwecho, khalidwe lovuta lija limachepa. Ndinasangalala kuwerenga mayina amenewa pokonzekera mayeso, chifukwa zimene ankanena ndinali nditaziona kale m'kapu yachitsulo.

Zikomo kwa inu amene munandiyang'anira pa maola onse ogwira ntchito. Dzina lanu sinditchula chifukwa simukonda zimenezo. Tsiku loyamba nditakuonetsani kope langa la nyemba munandiuza kuti tisanachite china chilichonse, mwana akaonedwe ndi dokotala m'makutu, m'kamwa ndi m'mimba, chifukwa mwana wosayankhula akamamva ululu alibe pokanena. Anamupeza ndi dzino lobooka lakumapeto. Atalichotsa, nyemba za m'mawa zinatheratu. Ndikanapanda kumvera, bwenzi ndikuphunzitsa mwana makadi dzino likumuboola. Munandiletsanso kungomusiya akudzimenya poganiza kuti atopa yekha. Munati mutu wa mwana si woyeserapo, pilo akhale pafupi, dzanja likhale pakati pa mphumi ndi khoma.

Bambo a kunyumba, zikomo. Ndinu amene munajambula chitseko chakuseri pa foni, n'kukatsukitsa chithunzicho m'tauni, n'kuchikuta ndi selotepi kuti chisanyowe. Njira yopempha ndi zithunzi imeneyi, ya PECS, anaiyambitsa Andy Bondy ndi Lori Frost ku Delaware mu 1985, ndipo poyamba imafuna anthu awiri. Mmodzi amakhala kutsogolo kudikira, wina kumbuyo kwa mwana, osayankhula, kumugwira dzanja kuti atole chithunzi n'kuchipereka. Akangopereka, chitseko chitseguke nthawi yomweyo, osati "dikira ndipakule kaye". Inu munakhala wakumbuyo uja mwezi wathunthu, mutabwera kuntchito mutatopa. Munayamba kumugwira dzanja lonse, kenako pamkono, kenako kungomukhudza chigongono, kenako n'kungoima. Ndikudziwa kuti chimene chinakuvutani kwambiri ndi kuima chabe, kuwerenga chamumtima mpaka 5 osamuthandiza, mukuona mwana wanu akuvutika kuganiza. Tsiku limene anadzuka yekha pa mphasa, n'kukachotsa chithunzi pa chitseko cha kabati, n'kukachiika m'manja mwa agogo ake, munatuluka naye panja ndipo munatenga nthawi kubwerera m'nyumba. Sindinakufunseni, ndipo sindikufunsani.

Mlongo wake, mwana wanga woyamba, kwa iwe ndili ndi zikomo ndi pepani. Uli ndi zaka 12 zokha, koma wadya nsima yozizira kangati podikira kuti ndimalize phunziro la pa intaneti? Ndiwe amene unazindikira kuti mlongo wako amalimbikira kwambiri akadziwa kuti pakubwera maputi, chimanga chokazinga chophulika chija, osati masiwiti amene ine ndinkagula. Ndiwenso unamuphunzitsa kuvala kabudula. Tinagawa ntchitoyo m'timagawo 6, ndipo tinayambira kumapeto: iwe unkamuchitira zonse, n'kumusiyira kokha kukoka kuchokera m'ntchafu kufika m'chiuno, kuti iye ndiye azimaliza ndi kumva kuti wakwanitsa. Atazolowera unamusiyira magawo awiri omaliza, kenako atatu. Ine changa chinali kusoka makabudula a lasitiki opanda zipi, ndi kuika ulusi wofiira kutsogolo kuti azidziwa mbali. Loweruka likubwerali ndi lako, tipita awiriwiri kumene ukufuna.

Maphunzirowa sanali otsika mtengo. Bungwe lalikulu la ku America lopereka ziphaso za ntchito imeneyi, la BACB, linasiya kulandira anthu atsopano ochokera m'mayiko ngati athu kuno kuyambira mu January 2023, ndiye ndinadzera ku bungwe lina lolandira anthu a m'mayiko onse. Panali maola 40 a m'kalasi pa intaneti, kenako maola 300 ogwira ntchito ndi ana moyang'aniridwa, kenako mayeso, ndipo zonse zolipira ndi madola a ku America. Achimwene a ku Johannesburg, munatumiza kawiri osandifunsa kuti ndibweza liti. Amayi a m'chipereganyu chathu, chimene kuno timati mukando, munagwirizana kuti ndilandire ine mwezi umene sunali wanga. Pomwe munachotsapo Mulungu abwezeretse.

Anansi athu a kuseri kwa mpanda, inu si Achewa ndipo mwina wina akuwerengerani zimenezi. Foni yanga yachajidwa pa sola yanu miyezi yonseyi, ndipo mayeso enieniwo ndinalembera pa tebulo lanu, pa laputopu ya mwana wanu, inu mutatulutsa adzukulu onse kuti m'nyumba mukhale bata. Maita basa, monga mumathokozera m'Chishona. Nawonso a jenereta aja, nditapita kukawafotokozera za kapu ya madzulo, anaisunthira mbali ina ya nyumba yawo tsiku lomwelo. Ndinachita mantha kwa chaka chathunthu kukagogoda pa geti imeneyo, koma nkhani yake inatha m'mphindi zosakwana khumi.

Ku mpingo wathu wa CCAP, amayi a Chigwirizano, munasiya kundiuza kuti "mugwireni mwanayo" ndipo munayamba kundifunsa kuti "timuthandize bwanji". Adikoni anatisungira benchi ya pafupi ndi khomo, kutali ndi sipika. Lamulungu lina mwana anapereka chithunzi chake cha chitseko kwa mayi wina wachikulire amene anakhala pafupi nafe, ulaliki uli mkati. Mayiwo sanandiyang'ane n'komwe. Anadzuka, n'kumugwira dzanja, n'kutuluka naye. Mawu aja akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe ndawamva kuyambira ndili mwana, koma tsiku limenelo ndinawaona akuyenda ndi ndodo kupita pakhomo la tchalitchi.

Pali chinthu chimene sindikufuna kubisa, chifukwa ena mwa inu mukafufuza za ABA pa intaneti mukumana nacho. Maziko a nzeru imeneyi anachokera ku ntchito ya B. F. Skinner, ndipo inakhazikika ngati gawo lakelake mu 1968, pamene Donald Baer, Montrose Wolf ndi Todd Risley a ku yunivesite ya Kansas analemba mfundo zake. Amene anaitchukitsa pa nkhani ya autism ndi Ivar Lovaas wa ku Los Angeles, makamaka ndi kafukufuku wake wa mu 1987 wa ana ophunzitsidwa maola 40 pa mlungu. Koma m'zaka zoyambirira za ntchito imeneyo ana ankamenyedwa mbama, ena ankagwidwitsidwa shoko ya magetsi, ndipo cholinga chinali choti mwana azioneka ngati ana ena onse. Lero kuli akuluakulu ambiri a autism amene amanena poyera kuti njira zimenezo zinawapweteka, ndipo ena mwa iwo safuna n'kumva komwe dzina la ABA. Wondiyang'anira anandiuza kuti ndiwerenge zimene anthu amenewa amalemba, ndipo ndikuthokoza kuti anatero. N'chifukwa chake mukaona mwana wanga akukupiza manja ngati kambalame, musayembekeze kuti ndimuletsa. Sakupweteka munthu, ndipo ndi mmene amasangalalira. Sindimukakamiza kuyang'ana munthu m'maso. Akakankha chinthu kusonyeza kuti sakufuna, ndimalandira kuti wandiyankha. Chimene ndinalimbana nacho ndi khoma lokha, chifukwa linkamuvulaza.

Za Chichewa zija, sitinasiye. Ndinafunsa ngati tiyenera kumuyankhula chinenero chimodzi chokha, ndipo anandiyankha kuti mwana aziyankhulidwa m'chinenero cha anthu amene amamukonda, chifukwa ndi amene azimva zopempha zake. Agogo ake akanamuyankhula chiyani china? Pansi pa chithunzi chilichonse ndinalemba mawu a Chichewa: panja, madzi, nsima, chimbudzi, basi. Pajatu malamulo aakulu a dziko lino a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, ndiye sitikubera munthu. Pano ali ndi zithunzi 14. Kuyankhula sanayambe, koma popereka cha chitseko amatulutsa kamawu kakuti "nja". Masiku ena ovuta alipobe, makamaka tikalandira alendo mwadzidzidzi kapena akadwala, ndipo kapu ya madzulo sitinaibwezere m'kabati.

Amayi angapo mwandilembera kale kufunsa ngati ndingaone ana anu. Setifiketi iyi siindipatsa mphamvu youza munthu kuti mwana wake ali ndi autism kapena ayi, imeneyo ndi ntchito ya kuchipatala, ndipo pulani ya mwana amalemba ndi katswiri wondiyang'anira. Chimene ndingathe ndi kukhala nanu pansi, kukuonetsani kalembedwe ka zinthu zitatu zija, ndi kukuperekezani kumene ife tinathandizidwa. Zimenezo ndichita ndi mtima wonse, ndipo amayi anga ati nawonso abwera ndi makapu awo.

Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi tidzakhala ndi kachakudya kunyumba, nsima ya nkhuku ndi Mazoe, ndipo nonse amene ndakutchulani mubwere, ndi amene ndakuiwalani mundikhululukire n'kubwerabe. Ndikupempha chimodzi chokha. Amayi anzanga, nthungululu muimbire kumsewu musanalowe pa geti, ndipo m'manja tiziomba chapansipansi. Mukaona mnyamata wathu akubwera kwa inu ndi kachithunzi ka chitseko, landirani, mudzuke, mupite naye kuseri ku mtengo wa mapeyala.