Buku lomwe analitsekera m'kabati ya a diretori

Lolemba ndinayamba ndi chokolopera m'manja. Denga la chipinda chathu cha mabuku limadontha pakona ya kumadzulo, ndipo mvula ya Loweruka usiku inalowera palata lomwelo limene ndakhala ndikulilembera malipoti kuyambira chaka chatha. Anzanga a m'mabibiliyoteka a sukulu za sekondale kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, za ndowa ndi chisanza sindichita kukuuzani. Ndinayanika mabuku asanu ndi limodzi pakhonde. Awiri anali atatupa ngati chikondamoyo, lina chiswe chinali chitalidya kuyambira kumsana. Lachiwiri linatha ndi kulembera ana obwereka ndi kulanditsa buku limodzi la masamu lomwe makalasi atatu amalimbirana. Zimenezo n'zamasiku onse. Chandilembetsa ndi Lachitatu.

Cha m'ma 9 koloko ndinamva njinga yamoto ikuima kutsogolo kwa ofesi. Pasanapite nthawi mlonda anabwera kudzati a diretori, mkulu wa sukulu yathu, akundifuna. Nditalowa ndinapeza bambo wina wachikulire atakhala pampando wa alendo, nsapato zili matope okhaokha, chipewa chili pabondo. Patebulo panali jumbo yakuda, ndipo m'jumbomo munali buku lathu, Niketche, la mayi Paulina Chiziane. Ndinalizindikira ndi tepi yomwe ndinalimata ndekha kumsana.

Tinalonjerana bwinobwino. Kenako bambowo anati, "Aphunzitsi, ine mwana wanga ndinamutumiza kuno kudzaphunzira sukulu. Zakuchipinda ali ndi azakhali ake omuuza nthawi yake ikakwana. Inu ndinu namkungwi kodi?" Anafotokoza kuti anamupeza mtsikanayo akuwerenga usiku ndi tochi ya pafoni, akuseka yekha. Popeza iwo Chipwitikizi amangochimva patalipatali, anaitana mphwawo kuti awamasulire tsamba lomwe linali lopindidwa. Tsamba limenelo ndikulidziwa. Mwa masamba onse a bukuli, tsoka linawafikitsa pamene amayi akuphunzitsana za thupi ndi za banja.

Bambowo sindikuwaimba mlandu, ndipo ndinawauza pamaso. Kholo lomwe lasiya munda wa mbatata pakati pa sabata, n'kuyenda mtunda wonsewo m'matope chifukwa cha zomwe mwana akuwerenga, ndi kholo lenileni. Ambiri sitiwaona ngakhale tsiku lopereka zotsatira za mayeso. Ndinayamba kuwafotokozera kuti mwana wawo ali kalasi ya 12, zaka 18 anakwanitsa, ndipo buku limeneli sindimapatsa ana a kalasi ya 7 kapena 8. Ndinati wolemba wake ndi mayi wa dziko lathu lino, yemwe mu 2021 analandira mphoto ya Camões, yaikulu kuposa zonse kwa olemba m'Chipwitikizi. Ndinkafuna ndiwauze nkhani yake yonse, koma a diretori anandidula pakamwa.

Anatenga bukulo, analitembenuza, anawerenga pachikuto pomwe palembedwa kuti ndi nkhani ya mitala, anapukusa mutu. Sanalitsegule ngakhale tsamba limodzi. Anadzuka, analiika m'kabati momwe mumakhala chidindo ndi mapepala a mayeso, natseka ndi kiyi. "Bambo, pepani kwambiri, zimenezi sizidzachitikanso," anatero. Atatembenukira kwa ine anati ma romance onse achoke kaye pamashelefu.

Ndinafunsa mwaulemu kuti, "Bwana, ati? Paja m'Chipwitikizi romance ndi buku lililonse la nkhani yaitali yopeka, kaya ndi ya nkhondo, kaya ya apolisi." Anandiyang'ana ngati ndawachititsa manyazi pamaso pa mlendo. "Onse, mpaka tidzakhale pansi." Ndinameza malovu n'kutuluka.

Miyezi khumi ndi inayi ndakhala ndikupempha lata limodzi ndi mankhwala a chiswe, yankho lake n'loti thumba la sukulu lilibe kanthu, tidikire msonkhano. Koma chigamulo chochotsa mabuku chinatuluka munthu asanamalize n'komwe kumwa kapu ya tiyi.

Lachinayi lonse ndinakhalira kulongedza m'makatoni a sopo omwe ndinapempha kugolosale. Kulongedza mabuku omwe unawawerenga wekha n'kovuta, chifukwa lililonse umaima nalo kaye.

Ndinayamba ndi timabuku tachikondi tija topanda zikuto, tomwe tinabwera m'makatoni a mphatso kuchokera ku Portugal ndi ku Brazil. Kunena zoona ine sinditikonda. Ukawerenga kamodzi wawerenga tonse: mtsikana wosauka, mnyamata wachuma wokwiyakwiya, kusamvana pang'ono pakati, ukwati kumapeto. Koma ndi timeneti tomwe timatha msanga ndi manja. Mwana yemwe kwawo amalankhula Chinyanja chokha, Chipwitikizi n'kukakumana nacho pabolodi, amafunika buku lomukoka kuti afike tsamba lomaliza osagona. Ndaona atsikana omwe anayamba ndi timeneti akulemba chimangirizo chosalala kuposa anzawo oloweza galamala. Mabuku a apolisi ofufuza milandu nawonso ndi chimodzimodzi kwa anyamata. Ambiri a iwo amachitikira m'mizinda ya chipale chofewa yomwe sitidzaiona, mayina ake opinda lilime, koma kufuna kudziwa yemwe wapha munthu kumamugwira mnyamata wa ku Domwe monga momwe kumagwirira wa ku Lisboa. Ine ndimawawerenga ndikatopa, ngati munthu wokazinga chimanga podikira nsima. Za maroketi ndi za anthu okhala kumwezi tili nazo ziwiri zokha, ndipo sindinathe kumaliza ngakhale limodzi. Mwina vuto ndi ine.

Nditafika pa Terra Sonâmbula ya Mia Couto ndinakhala pansi. Linatuluka mu 1992, chaka chomwe nkhondo inatha ndi pangano la ku Roma. Mkulu wina ndi kamnyamata abisala m'basi yopsa pamsewu, napeza makope a munthu wakufa, n'kumawerengerana usiku uliwonse. Ine ndinakulira kumsasa wa othawa nkhondo kutsidya kwa malire, cha ku Dedza, ndipo basi yopsa ndinaiona ndi maso anga pobwerera kwathu. Buku limeneli ndimalilemekeza, koma ndisakunamizeni, si loyambira. Couto amaumba mawu akeake, amapinda Chipwitikizi ngati munthu woluka dengu, ndiye mwana yemwe sanachigwire bwino chinenerocho sadziwa ngati mawuwo ndi a m'dikishonale kapena ndi nthabwala ya wolemba. Ambiri amalibweza asanafike pakati. Nthawi zinanso ine ndimaona kuti kukoma kwa mawu kumaphimba ululu wa nkhaniyo, ngati shuga wochuluka m'phala. Anzanga ophunzitsa Chipwitikizi amandikwiyira ndikanena zimenezi.

Ualalapi la Ungulani Ba Ka Khosa, la 1987, ndi laling'ono koma lolemera. Limamuvula Ngungunhane, mfumu yomaliza ya ufumu wa Gaza, ulemu womwe timamuveka m'kalasi ya mbiri, n'kumuonetsa ngati mfumu yankhanza. Magazi ndi ambiri m'menemo kuposa chilichonse cha mu Niketche, koma palibe kholo linabwerapo kudzadandaula za magazi.

Lomwe linandipweteka kwambiri kuliika m'katoni ndi As Duas Sombras do Rio la João Paulo Borges Coelho, la 2003. Nkhani yake ili m'chigawo chathu chino cha Tete, ku Zumbo, komwe mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, m'nthawi ya nkhondo. Msodzi wina agwidwa pakati pa mizimu iwiri, wa njoka ndi wa mkango, anthu akuthawa n'kuwoloka madzi. Limayenda pang'onopang'ono, ndipo mumamveka kuti wolemba ndi katswiri wa mbiri yakale, chifukwa nthawi zina amachedwa pofotokoza malo mpaka woŵerenga kuiwala kuti amatsatira ndani. Komabe mabuku ambiri a dziko lino amachitikira ku Maputo kapena kugombe la nyanja. Mwana wa kuno akapeza dzina la boma la m'chigawo chake m'buku losindikizidwa, amakhala tsonga. Ndinaligula ndi ndalama zanga mumzinda wa Tete, nditakwera chapa, minibasi ya kuno, tsiku lathunthu kupita ndi kubwera, n'kulipereka kusukulu. Tsopano lili pansi pa katoni ya sopo chifukwa nalonso ndi romance.

Ndipo Niketche lenilenilo, lomwe a diretori analiweruza ndi chikuto? Linatuluka mu 2002. Rami wakhala m'banja zaka makumi awiri ndi Tony, wamkulu wa apolisi, ndipo atulukira kuti mwamunayo ali ndi akazi ena anayi ochokera m'madera osiyanasiyana a dziko. Poyamba amenyana nawo. Kenako awasonkhanitsa, awathandiza kuyamba timabizinesi, mpaka aliyense ayamba kudziimira payekha ndipo mwamunayo atsala akusowa pogwira. Limaseketsa, limaluma, penapake limabwerezabwereza madandaulo mpaka kutopetsa, makamaka pomwe Rami akulankhula ndi kalilole wake. Koma si buku lophunzitsa chiwerewere. Kuno mitala sitichita kuimvera m'mabuku. Ana ambiri omwe amakhala pamabenchi athu amadziwa tsiku lomwe bambo awo amagona kunyumba yaing'ono, amadziwa kuti ndalama ya feteleza imagawidwa pawiri. Chomwe sanaonepo ndi mayi wa pamitala akudzifotokozera yekha nkhani yake, masamba mazana, popanda womuuza kuti akhale chete.

Mwa zonse ndinalongedza, za m'Chinyanja zinali zitatu basi, zakalekale, zomwe ndinagula pamsika ku Dedza. N'zolembedwa m'kalembedwe ka ku Malawi, ka ch pomwe ife timalemba c yekha, koma ana sazivutikira. Izo zokha ndi zomwe bambo aja akanatha kudziwerengera okha popanda mphwawo. Tikanakhala ndi mabuku a nkhani a masiku ano m'chinenero chathu, mwina iwo ndi ine tikanakangana za buku lomwe tonse taliwerenga, osati za tsamba limodzi lomasuliridwa ndi mnyamata wamanyazi. Ndinaziikanso m'katoni. Lamulo linati onse.

Lachisanu mashelefu awiri anali mbee. Anyamata atatu anabwera kudzabweza mabuku a apolisi, nafunsa ena, ndinawauza kuti tikuwerengera katundu. Bodza limenelo linandiwawa pakamwa. A pedagojiku, achiwiri kwa a diretori oona zamaphunziro, anasuzumira pakhomo, anati chipinda chikuoneka chaudongo tsopano, napita.

Nthawi yopuma mtsikana uja anabwera. Anaima pakhomo manja ali kumbuyo, sanalowe. "Aphunzitsi, pepani, ndakuputirani mlandu." Ndinamuuza kuti palibe chomwe walakwa, ndipo bambo ake asawasungire chakukhosi. Mwana ameneyu pomwe ankayamba kubwera kuno zaka zitatu zapitazo ankawerenga ndi chala, mawu amodziamodzi. Anadutsa m'timabuku tachikondi tonse, kenako ta apolisi, ndipo chaka chino ndi iye yekha m'kalasi mwake anamaliza Terra Sonâmbula n'kubwera kudzanditsutsa pa zomwe ndinanena za shuga m'phala. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Kodi Rami anamusiya mwamunayo? Ndinatsala ndi mitu itatu."

Sindinamuuze. Ndinati adzamaliza yekha msonkhano ukachitika. Msonkhanowo akuti ndi sabata yamawa, koma a diretori ananyamuka masana a Lachisanu lomwelo kupita ku semina mumzinda wa Tete, kiyi wa kabati ali m'thumba mwawo. Cha m'ma 3 koloko kumwamba kunayamba kuda kuchokera kumapiri. Ndinanyamula makatoni onse asanu kuwakweza patebulo lowerengera, ndinawafunditsa pepala la pulasitiki lomwe ndimafunditsa njinga yanga, ndinaika ndowa pakona ya kumadzulo, n'kutseka chitseko.