Denzel Washington sayenera kukhala Magneto

Usiku wathawu ine ndi mng'ono wanga tinatsutsana mpaka chakudya chinazizira, chifukwa cha chithunzi chimene anandionetsa pa foni chosonyeza katswiri wa mafilimu Denzel Washington atavala chisoti cha Magneto, chigawenga cha m'nkhani za X-Men za kampani ya Marvel. Anthu okonda mafilimu a Marvel akhala akufalitsa maganizo akuti mkuluyu ndiye woyenera udindo umenewu, ndipo mng'ono wangayo akugwirizana nawo ndi mtima wonse.

Ine sindikugwirizana nazo, ngakhale kuti luso la Denzel sindilikayikira m'pang'ono pomwe, popeza munthu amene anapata mphoto ya Oscar kawiri sangalephere kuopseza anthu atavala chisoti. Vuto ndi lakuti ukali wonse wa Magneto unachokera ku Auschwitz, msasa wozunzirako anthu wa chipani cha Nazi, kumene anazunzidwa ali mwana chifukwa chokhala Myuda, ndipo mukachotsa mbiri imeneyi mwatsala ndi munthu wina amene wangobwereka dzina. Ian McKellen, amene anasewerapo ngati Magneto, anatha kuonetsa bala limenelo ndi maso okha.

Chimene ndikuyembekezera ndi chimene Denzel mwini anaulula mu 2024, kuti wotsogolera mafilimu Ryan Coogler akumulembera gawo mu filimu yachitatu ya Black Panther. Kumeneko n'kumene kuli kwawo, makamaka tikakumbukira kuti Denzel anathandiza kulipirira maphunziro a Chadwick Boseman, amene anadzasewera ngati Black Panther, ku Oxford, Boseman asanatchuke n'komwe. Mng'ono wanga sanagonje, ndipo wati mawa abwera ndi zithunzi zina.