Sabata ya chionetsero mu shedi ya ndege zakale zankhondo

Ku England kuli anthu ndi mabungwe amene amasunga ndege zakale zankhondo ndi ndalama zawozawo, ndipo ndegezo zimaulukabe. Ku Old Warden, m'dera la Bedfordshire, kuli Shuttleworth Collection imene anaiyambitsa Richard Shuttleworth mu 1928, komwe ndege ya Blériot XI ya 1909 imanyamukabe mphepo ikakhala bata. Ku bwalo la ndege la Duxford kuli magulu angapo, limodzi mwa iwo ndi The Fighter Collection. Shedi yathu siyifika pamenepo: muli Spitfire Mk IX, Harvard ndi Tiger Moth basi. Ife ndife a pansi, okankha, othira mafuta ndi oliza injini. Zimene timaopa kwambiri sizichitikira m'mwamba ayi, zimachitikira pakhomo la shedi ndiponso m'mphindi zochepa injini isanalire.

Lolemba ndi la mapepala ndi kutulutsa ndege. Spitfire imauluka ndi chilolezo chapadera cha Civil Aviation Authority, bungwe loyang'anira za ndege, chotchedwa Permit to Fly, chimene chimaunikidwanso chaka ndi chaka, choncho injiniya wamkulu amayamba waona maola amene injini yagwira ndi ntchito imene yatsala m'buku. Akasaina, m'pamene timakhudza ndege.

Kutulutsa Spitfire kumafuna anthu asanu: wina pa chitsulo chokokera chimene chimakola tayala la kumchira, awiri kunsonga za mapiko, wina m'kati pa mabuleki, ndi wotsogolera. Mapiko ake ndi mamita 11.2 kuchokera nsonga ina kufika ina, ndipo mu shedi modzaza malo otsala kumbali nthawi zina ndi chikhatho chimodzi. Wolamula ndi mmodzi, koma mawu oti "imani" aliyense ali ndi ufulu wowafuula, ngakhale wobwera dzulo. Mabuleki a Spitfire amayendera mpweya umene injini imapopa ikamalira. Ndege ikakhala masiku osalira mpweyawo umathawa pang'onopang'ono, ndiye wokhala m'katiyo akapanda kuyang'ana geji amangokhala ngati wokwera, kufinya chogwirira popanda kanthu. Timayamba tadzaza mpweya kuchokera m'botolo. Pokankha timagwira pamene phiko lalumikizana ndi thupi la ndege kapena pa miyendo ya matayala. Zokhotetsera za kumchira n'zokutidwa ndi nsalu, chala chimodzi chikhoza kuboola.

Lachiwiri tinathera pa Harvard, ndege imene inaphunzitsa oyendetsa ambiri ku Southern Rhodesia (lero Zimbabwe) pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, ndipo asilikali a m'mlengalenga a South Africa anaigwiritsa ntchito mpaka 1995. Injini yake ndi Pratt & Whitney R-1340, ya masilinda 9 oikidwa mozungulira. Vuto lake lagona pa masilinda a pansi, nambala 5 ndi 6, amene mitu yake inaloza pansi. Ndege ikangokhala, oyilo amatsetsereka kudutsa ma ring a pisitoni n'kudikha m'mitu imeneyo. Oyilo safinyika ngati mpweya. Mukaliza injini ali momwemo, pisitoni imagunda oyiloyo ndi mphamvu ya masilinda ena onse, ndipo chitsulo cholumikiza pisitoni chimapindika. Choipa kwambiri n'chakuti nthawi zina chimapindika pang'ono, injini n'kulira bwinobwino, kenaka n'kudzathyoka ndege ili m'mwamba.

N'chifukwa chake timazungulitsa propela ndi manja tisanalize. Choyamba wina amatsimikiza kuti maswichi a magineto, zida zopereka moto ku mapulagi, azimitsidwa ndipo matayala atchingidwa. Timakoka molowera kumene injini imazungulira, propela yonse izungulire kosachepera kawiri kuti silinda iliyonse ifinye mpweya, ngakhale ife timapitirira apo. Kufinya kwa mpweya kumamveka kofewa, kumabwezera dzanja. Oyilo amamveka ngati mwagunda khoma. Mmawa umenewo propela inaima gwa. Apa anthu osadziwa amaibweza m'mbuyo kuti imasuke, koma kutero kumangokankhira oyilo m'paipi yolowetsa mpweya, ndipo amabwereranso injini ikangolira. Njira yake ndi kumasula mapulagi a masilinda a pansiwo, kuika beseni, kuzungulitsa propela mpaka oyilo asiye kutuluka, kutsuka mapulagi n'kuwabwezera. Ola lonse linapita. Propela timaiona ngati yamoyo nthawi zonse, chifukwa waya wozimitsa magineto akaduka, swichi imanena kuti yazima pamene injini ikhoza kugunda. Palibe amene amaika mutu kapena phewa m'njira yake.

Lachitatu linali la Merlin, injini ya Spitfire ya masilinda 12 ndi malita 27. Tinatulutsa sefa ya oyilo n'kutsuka zimene yagwira pa nsalu yoyera. Timadutsitsapo maginito: tizitsulo tomamatira timachokera ku magiya kapena ku camshaft, tosamamatira tonyezimira timachokera ku ma bearing kapena ku mapisitoni. Munalibe chodetsa nkhawa. Mapulagi alipo 24, awiri pa silinda iliyonse, ndipo mtovu wa m'mafuta umawatseka injini ikamalira motsitsa nthawi yaitali. Chilichonse chimene tamasula chimamangidwanso ndi waya wokhomera, wopotedwa mokokera kumene bawuti imalimbira.

Masana tinaliza injini panja. Ngolo ya mabatire imalumikizidwa pambali, woyendetsa amapopa mafuta pang'ono ndi pampu ya Ki-gass, ndipo wina amaima chapatsogolo kumbali ndi chozimitsira moto. Mafuta akachuluka, malawi amatuluka m'mapaipi a utsi. Oonerera amathawa, koma woyendetsa sasiya kuzungulitsa injini, chifukwa ikagwira imauzira motowo kunja. Chozimitsira chathu choyamba ndi cha mpweya wa CO2. Cha ufa chimazimitsa ndithu, koma ufawo umalowa paliponse n'kudya zitsulo, ndiye timachisungira moto weniweni.

Spitfire sikonda kuima. Maradiyeta ake ali pansi pa mapiko, kuseri kwa miyendo ya matayala, kumene mphepo ya propela siyifika mokwanira. Madzi ake oziziritsa, osakaniza magawo 70 a madzi ndi 30 a glycol, amayenera kufika madigiri 60 a Celsius ndege isananyamuke, koma kuchoka apo amakwera mofulumira, ndipo akayandikira 100 ili pansi timazimitsa. Choncho timailozetsa kumene mphepo ikuchokera, ndipo mayeso a magineto amachitika mosazengereza. Poyesa mphamvu zambiri mchira umamangidwa ndi chingwe pa mphete ya m'simenti, apo ayi umadzuka ndipo propela imalima pansi. Pa nthawi ya nkhondo a pansi ankakhalira mchirawo. Mu February 1945 ku bwalo la ndege la Hibaldstow, Margaret Horton, mmodzi wa a pansi, ananyamuka nawo m'mwamba atakangamira mchira wa Spitfire AB910 woyendetsa osadziwa. Anatera wamoyo, ndipo ndegeyo ilipobe ku Battle of Britain Memorial Flight, gulu la asilikali a m'mlengalenga a Britain losunga ndege zakale.

Lachinayi kunagwa mvula. Tinapukuta, tinayeza mpweya wa matayala, tinakhuthula mabeseni a oyilo wodontha. Madzulo powerenga zida sipanala imodzi inasowa pa bolodi lake, ndipo palibe anaweruka mpaka inapezeka pansi pa benchi. Chida chosowa timachiyesa kuti chili m'ndege, pafupi ndi zingwe zowongolera, kufikira titachiona ndi maso.

Lachisanu tinathira mafuta. Zonse zitatu zimamwa petulo wa ndege wotchedwa avgas 100LL wa mtundu wa buluu, ndipo mtunduwo timauona tisanathire, chifukwa mafuta a ndege za jeti otchedwa Jet A-1 akalowa mu injini ya mapisitoni amaiwononga pamene ikukoka mwamphamvu ponyamuka. Waya wolumikiza galimoto ya mafuta ndi ndege amayamba kumangidwa chivindikiro chisanatsegulidwe, kuti magetsi odzikundikira asathethetse moto. Matanki awiri a Spitfire, amene ali pakati pa injini ndi woyendetsa, amalowa magaloni 85, pafupifupi malita 386. Mafuta akakhazikika timatapa pang'ono kunsi kwa thanki m'kabotolo koonekera. Madzi amalemera kuposa mafuta, amaoneka ngati timikanda pansi pake.

Tiger Moth ilibe sitata, ndiye imalizidwa popukusa propela ndi dzanja; ilibenso mabuleki, kumchira kuli kachitsulo kokhwekhwereza pa udzu. Matabwa otchingira matayala ndiwo mabuleki ake, ndipo ali ndi zingwe zazitali zoti muwasolole muli kumbali, kutali ndi propela. Wopukusa ndi woyendetsa amayankhana mawu omwewo nthawi zonse: mafuta atsegulidwa, maswichi azima, kenaka "contact". Wopukusa amayika zala pamwamba pa propela osaikumbatira, amavula mphete ndi wotchi, amakoka thupi lake likubwerera m'mbuyo. Magineto ake amodzi ali ndi kasipuling'i kamene kamalira "kha" propela ikamazungulira. Kakapanda kulira ndiye kuti kamatirira, mukhoza kupukusa mpaka mawa. Timazimitsa maswichi, n'kugogoda magineto pang'ono ndi chogwirira cha mtengo.

Loweruka ndege zinatuluka mamawa. Chichitikireni ngozi ya ku Shoreham pa 22 August 2015, pamene ndege ya Hawker Hunter ya pa chionetsero inagwera pamsewu n'kupha anthu 11, malamulo a zionetsero anakhwima, ndipo nthawi ya ndege iliyonse imalembedwa mpaka pa mphindi. Kwa ife ndiye kuti kuwerengera cham'mbuyo: Spitfire ikalira msanga n'kukadikira pamzere, itentha isananyamuke. Tinailiza mphindi zochepa nthawi yake isanakwane. Mphepo itakula masana, Tiger Moth tinaiperekeza anthu awiri atagwira nsonga za mapiko mpaka poyambira kuthamanga. Chovuta china ndi alendo ololedwa kuyandikira ndege, amene amatsamira pa nsalu pojambulitsa ndipo dzanja lawo limathamangira propela ya injini imene yangozima ikadali yotentha.

Lamulungu tinatsuka utsi wa mtovu m'mbali mwa Spitfire ndi oyilo kumimba kwa Harvard. Kutsukako ndi kuyendera komwe, chifukwa mng'alu ndi riveti yomasuka zimaonekera pa chitsulo choyera. Pa Harvard tinapeza chomangira paipi ya utsi chitayamba kung'aluka. Chinalembedwa m'buku, ndipo pa chiwongolero pake tinapachika chikwangwani chofiira choletsa kuliza injini mpaka china chitafika.