Kuika mijigo ya ku Salima pa mapu ndi QGIS

Mapu a mijigo, kaya a kwa Maganga kapena kwa Ndindi, ndimawayambira pa mjigo penipenipo. Ndimaima pambali pa mpini ndi foni yokhala ndi KoboCollect, pulogalamu yolembera zomwe wapeza pa malo, n'kudikira mpaka GPS itasonyeza kuti ikuphonya ndi mamita 5 kapena kucheperapo. Pakakhala mtengo wa mango wamasamba ambiri, nambalayi imachedwa kutsika, ndiye osapupuluma. Ndimalembanso dzina la mudzi ndiponso ngati mjigowo ukutulutsa madzi.

Ndikafika pa kompyuta, zonsezi ndimazisunga ngati fayilo ya CSV. QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira mapu, ndi yaulere, ndipo ndimakonda ya LTR, yomwe imakhala nthawi yaitali osasinthidwasinthidwa, chifukwa sivutavuta. Ndimapita pa Layer, Add Layer, kenako Add Delimited Text Layer. Pa X field ndimaika longitude, pa Y field latitude, ndipo pa Geometry CRS, yomwe ndi kawerengedwe ka malo, ndimasankha EPSG:4326 (WGS 84), poti ndi mmene foni imawerengera.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa mphwayi. Tauni ya Salima ili cha pa latitude -13.78 ndi longitude 34.46. Kachizindikiro kochotsera kaja kakasowa, mijigo yonse imakapezeka ku Sudan. Mukasinthanitsa X ndi Y, imakagwera m'nyanja ya Atlantic, kufupi ndi Morocco. N'chifukwa chake ndisanachite china chilichonse ndimatsegula OpenStreetMap pansi pa XYZ Tiles, ndione ngati madontho ali kumtunda, motsatira msewu wa M5 kapena wa ku Senga Bay, osati pakati pa nyanja ya Malawi.

Kuyeza mtunda kumafuna chidwi china. EPSG:4326 imawerenga madigiri, osati mamita, moti mukalemba 500 pa Buffer, chida chojambula bwalo kuzungulira dontho lililonse, bwalo lake limaphimba dziko lonse lapansi. Choncho ndimadina kumanja pa layer ya mijigoyo, Export, Save Features As, n'kusunga ngati GeoPackage (fayilo ya .gpkg) pa EPSG:32736, yomwe ndi UTM zone 36S ndipo imawerenga mamita. Malawi yense ali m'zoni imeneyi. Set Layer CRS musaikhudze pa ntchitoyi: imangosintha dzina la kawerengedwe, nambala n'kukhala zomwezo, ndipo madontho amathawira kosadziwika. Chenjeraninso ndi mapu akale apapepala. Ambiri anajambulidwa pa kawerengedwe kakale ka Arc 1950, ndipo mukawatenga ngati a WGS 84, malo amasuntha ndi mamita oposa 200.

Tsopano ndimasankha mijigo yogwira ntchito yokha, n'kupita pa Vector, Geoprocessing Tools, Buffer, kulemba mamita 500 ndi kuchonga Dissolve result. Midzi yotsala kunja kwa mabwalowo ndiyo yofunika kuionetsa kwa a komiti ya chitukuko. Komabe Buffer amayeza chingwe chowongoka. Sadziwa kuti pakati pali dambo, kapena kuti Linthipe akadzaza amayi sangawoloke ndi ndowa, ndiye ndimafunsa eni mudzi ndisanatsimikize.

Mapu osindikiza ndimawakonza pa Project, New Print Layout, n'kuikapo sikelo, muvi wa kumpoto, mndandanda wa zizindikiro ndi tsiku lomwe ndinayendera mijigoyo. Potumiza kwa mnzanu, dziwani kuti fayilo ya .qgz, yomwe QGIS imasungiramo ntchito yanu, ilibe madontho m'kati mwake, imangoloza komwe ali. Tumizani pamodzi ndi ya .gpkg. Akafuna shapefile, mtundu wina wa fayilo ya mapu, .shp payokha sitseguka bwino; .shx, .dbf ndi .prj zipite nayo limodzi mu zip imodzi.