Mmene ndinasankhira pulinta ya pakhomo kuno ku Harare

Amene muli ndi ana a sukulu kuno mukudziwa kale kuti masiku ano mwana sabwera ndi homuweki ya m'kope yokha ayi. Chiyambire CALA ija mu 2021, ntchito zomwe ana ankachita mkati mwa chaka nkumawerengedwa pa zotsatira za mayeso, mpakana pano pomwe anaisintha nkubweretsa maprojekiti, chilichonse chimafuna kupulinta basi, zithunzi zamitundu, mapu, chikuto, mapepala a mayeso akale a ZIMSEC, bungwe la mayeso la kuno ku Zimbabwe, omwe aphunzitsi amangoponya pa gulupu ya WhatsApp usiku nkuti mawa mwana abwere nawo. Ine kwathu ku Mufakose ndili ndi wa Grade 7 ndi wina wa Form 3, komanso ndine mlembi wa amayi ku mpingo wathu wa CCAP nde malipoti ndi ndandanda wa zopereka zimadutsanso m'manja mwanga. Titaona ndalama ya kombi, ya kupulinta, ndi nthawi yoima pamzere mtauni, tinakhala pansi ndi bambo a ana nkugwirizana kuti tigule yathu.

Ndisanapite kushopu iliyonse ndinayamba ndalemba m'kope chilichonse chomwe tinkapulintitsa pamwezi, zakuda zingati, zamitundu zingati, fotokopi zingati. Zinapitirira masamba 100, ndipo gawo lalikulu ndithu linali la zithunzi za ana. Muchite zimenezi kaye abale anga, chifukwa wogulitsa aliyense amakufunsa kuti muli ndi zingati, palibe amene anandifunsa kuti mumapulinta zochuluka bwanji, pomwe funso lenileni ndi limenelo.

Anthu ena kutchalitchi ankati gulani ya laser, siuma inki. Zoona siuma, chifukwa imagwiritsa ntchito tona yaufa. Koma laser yotchipa imatulutsa zakuda zokhazokha, yamitundu ndi yodula, komanso imatenthetsa pepala kuti ufa uja umate nde imakoka magetsi ambiri, mawati mazanamazana. Ife magetsi a ZESA akapita timadalira kasola ndi ka inverter kakang'ono ka magetsi a m'nyumba ndi kutchaja mafoni. Pulinta ya inki ikamagwira ntchito imadya mawati ochepa kwambiri, osafika 20, kasola kathu sikamva nkomwe. Nkhani ya laser inathera pompo.

Pa inki ndi pomwe ndinachedwa, ndipo ndi pomwe ndalama zimabisala. Mukalowa mashopu a makompyuta ku Gulf Complex, ku Eastgate kaya ku Joina City mupeza mitundu iwiri. Ina ndi ya makatiriji, yotchipa mosangalatsa, umaona ngati wapeza mwayi. Ina ndi ya mathanki, inki yake imabwera m'mabotolo nkumathira wekha, mtengo wake ndi wokwera kangapo kuposa inzake ija. Mtima wanga unathamangira yotchipayo, koma ndinapempha mnyamata wa mushopu kuti andionetse katiriji yake ndi botolo la inayo, ndiwerenge zolembedwa pa makatoni. Katiriji yakuda ya HP 123, yomwe imalowa mu DeskJet 2130, eni ake amati imatulutsa masamba pafupifupi 120, yamitundu pafupifupi 100. Ya Canon PG-445 masamba 180. Pomwe botolo limodzi lakuda la Epson 103, la 65 ml, amati masamba 4,500. Ndinagawa pa foni pomwepo, 4,500 kugawa ndi 120, zikutanthauza makatiriji oposa 37 kuti afanane ndi botolo limodzi, ndipo botololo mtengo wake sunapose wa katiriji imodzi m'mashopu omwe ndinafunsa. Zili ngati kugula mafuta ophikira a tsaona, oyezera pang'onopang'ono aja, tsiku ndi tsiku mmalo mogula chigubu kamodzi. Ndi masamba athu aja, bwenzi tikugula katiriji mwezi ndi mwezi, chaka chisanathe ndalama ya inki yokha itapitirira ya pulinta ya thanki.

Manambala amenewa musawatenge ngati lonjezo, amawayeza ndi masamba a kufakitale omwe sadzaza inki, mwana akapulinta chithunzi cha Great Zimbabwe tsamba lonse inki imatsika msanga. Koma kuyeza kwake ndi kofananako pa katiriji ndi pa botolo nde kusiyana kuja kumakhalapobe. Chinanso chomwe sindinachikonde pa makatiriji otchipawa nchakuti mitundu itatu ili mukatiriji imodzi, yelo akatha ndiye kuti mutaya yonse olo buluu akadalimo.

Nditatsimikiza za thanki ndinatsala ndi zitatu zomwe ndinkazipeza mobwerezabwereza, Epson EcoTank L3250, Canon PIXMA G3420 ndi HP Smart Tank 580. Zonse zimapulinta, kusikana ndi kupanga fotokopi, zonse zili ndi Wi-Fi. Palinso L3210 yomwe ndi chimodzimodzi L3250 kungoti ilibe Wi-Fi, imatchipako pang'ono, koma kwathu zinthu zambiri zimabwera pa foni osati pa laputopu nde imeneyo ndinaidumpha. Apa ndinasowa pogwira chifukwa wogulitsa aliyense amatama yomwe ali nayo pa shelefu.

Amene anandithandiza ndi bambo ena achikulire okonza mapulinta, makolo awo anachokera ku Dedza, ali ndi kachipinda kodzaza ndi mapulinta akufa mbali ya ku Market Square. Nditawapatsa moni m'Chichewa anaseka nkundikokera mpando. Ndinati bambo, ndithandizeni, pa zitatuzi yolimba ndi iti? Iwo sanayankhe, anatsegula pulinta ina yomwe inali patebulo nkundionetsa kachipangizo kamene kamathamanga uku ndi uku kulavula inki, amakatchula hedi. Anakatembenuza nkundipatsa galasi lokulitsa, pansi pake pali timabowo tating'ono kwambiri tondandalikana, theka lake titatsekeka ndi inki youma ngati nkhanambo. Anati mayi, onani, iyi sinafe ndi ntchito, yafa ndi kukhala, mwini wake anaisiya miyezi osaigwira. Kenako anandifotokozera kuti ya Epson hedi yake sitenthetsa inki, imaikankha ndi kunjenjemera, ndipo imakhalitsa, koma ndi yomangirira mkati, ikawonongeka kuisintha ndi ntchito ya mmisiri ndipo ndi ndalama. Za Canon ndi HP zimatenthetsa inki kuti ituluke, mahedi ake amatha kutopa koma mwini wake akhoza kuchotsa nkuika ena yekha ngati wawapeza.

Anandionetsanso chinthu chomwe palibe wogulitsa anachitchula, kathonje ka pansi komwe kamamwa inki yotayika pulinta ikamadzitsuka. Kakadzaza pulinta imaima, magetsi ake nkumangophethira. Pa Canon G3420 kamenekako kali m'kabokosi kotchedwa MC-G02 kosintha wekha, pa Epson L3250 umafunika kupita nayo kwa okonza. Ndiye inki yakuda, ya Canon GI-41 ndi ya HP GT53 ndi ya mtundu wosasungunuka msanga ndi madzi, pomwe ya Epson 103 pepala likanyowa zilembo zimatha kufalikira. Kunena zoona pa mfundo ziwirizi Canon inandikopa kwambiri.

Chomwe chinandipangitsa kusankha Epson ndi funso lomwe bambo aja anandiuza kuti ndikafunse ndekha. Anati yendani mashopu angapo, musafunse pulinta, funsani inki yake ndi zosinthira zake, yomwe mupeze paliponse ndi yomwe mudzakhale nayo mwamtendere. Ndinatero. Mabotolo a 103 ndinkawapeza pafupifupi shopu iliyonse yomwe ndinalowa, mitundu yonse inayi, pomwe a enawo kwina analipo kwina ankati abwera sabata yamawa. Sindikunena kuti enawo ndi oipa ayi, mukapeza kuti dera lanu inki ya Canon ndi yosasowa gulani Canon ndi mtima umodzi. Ine ndinkaganiza za tsiku lomwe inki idzathe projekiti ikufunika mawa lake.

Alamu anga a ku Joni atamva anati akhoza kundigulira kumeneko motchipa nkutumiza pa basi kudzera pa Beitbridge. Ndinawathokoza koma ndinakana. Walanti ya pulinta imayenda ndi lisiti ndi shopu yomwe wagula, itavuta ndikaibweza kuti? Komanso ya ku South Africa nthawi zambiri imabwera ndi pulagi yamano ozungulira akuluakulu aja pomwe masoketi athu ambiri ndi a mano a folokona. Amene muli ndi abale ku UK samalaninso kwambiri, makampaniwa amagawa inki potengera dera, pulinta yooneka chimodzimodzi ya kumeneko imafuna inki ya nambala ina, ya Epson imakhala 104 osati 103, ndipo makatiriji a HP a dera lina amatha kukanidwa ndi pulinta.

Tsiku logula ndinapita ndi mwana wanga wamkulu kuti adzandinyamulire. Ndinapempha kuti bokosi litsegulidwe ndikuona. Matepi abuluu onse anali m'malo mwake, mathanki ouma osadetsedwa, mabotolo a inki ali omata m'mapulasitiki awo, ichi nchofunika chifukwa pulinta yatsopano ya thanki imabwera ndi inki yake m'bokosi, wina asakuuzeni kuti inki mugule padera. Ndinayerekeza nambala ya siriyo ya pa bokosi ndi ya kumbuyo kwa pulinta, nkuuza mtsikana wa pakauntala kuti chemwali, nambala imeneyi ilembedwe pa lisiti pamodzi ndi miyezi ya walanti, mudinde. Ndinafunsanso kuti ikavuta ndibwere nayo konkuno kapena kuli kwina komwe amakonzera. Mtengo unali wa madola a US, funsanitu ngati amalandira ZiG, ndalama ya kuno, kapena EcoCash ya pa foni komanso pa reti yanji musanafike pakauntala. Chingwe cha USB onani ngati chilimo, nthawi zambiri sichikhalamo, ine ndinagula pomwepo, pamodzi ndi rimu ya bond ya A4 ya 80 gsm, masamba 500, ndi adaputa yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu.

Kunyumba musathamangire kulumikiza kumagetsi. Mumayamba mwachotsa matepi onse, a mkati omwe, kenako kuthira inki. Mabotolo a 103 ali ndi kamwa yosiyana mtundu uliwonse, lofiira silingalowe pa thanki yabuluu olo mutakakamiza, nde palibe kusokoneza. Mumangolizondotsa nkulikhazika, osalifinya, limamveka kuti gudugudu inki ikutsika, ikafika pa mzere wapamwamba imasiya yokha. Ana anazungulira tebulo kuonerera yelo akukwera pa kawindo ka thanki. Mukatero mumayatsa nkudina batani lomwe kabuku kasonyeza, pulinta imayamba kukoka inki kudzaza timapaipi ndi hedi, zimatenga mphindi 10 kapena kupitirira pang'ono, ndipo siyenera kuzimitsidwa pakati. Chifukwa cha ichi ine ndinailumikiza ku inverter batire itadzadza, sindinafune kuti magetsi apite ili pakati pa ntchito. Ikamaliza muona inki yatsika m'mathanki musanapulinte kanthu, musadandaule, yalowa m'mapaipi, mumangowonjezera yotsala m'mabotolo.

Za Wi-Fi ndinaika apu ya Epson Smart Panel pa foni, imakutsogolera yokha. Pulintayi imagwira netiweki ya 2.4 GHz yokha, rauta yanu ikakhala pa 5 GHz siiona. Ngati mulibe rauta palibe vuto, pali Wi-Fi Direct, foni imalankhulana ndi pulinta mwachindunji osadya bandulo, PDF yochokera pa WhatsApp mumangoitsegula nkutumiza. Choyamba kupulinta chikhale nozzle check, katsamba ka timizere ta mitundu inayi, mizere ikhale yosaduka. Kathu ndinakasunga pamodzi ndi lisiti kuti ndizidzayerekeza.

Zomwe ilibe ndizinenenso. Simatembenuza pepala yokha, kupulinta mbali zonse umatembenuza ndi manja. Ilibe sikirini, ilibenso kothira mapepala ambiri pamwamba posikana, nde malipoti a kutchalitchi ndimasikana tsamba limodzilimodzi, amene mumasikana zambiri onani L5290 yomwe ili nako. Liwiro lake ndi la pakhomo, masamba pafupifupi 10 akuda pa mphindi, amitundu 5.

Pano lamulo la pakhomo pathu ndi loti sabata isathe osapulinta kanthu kamitundu, makamaka pa holide ndi miyezi yotentha ya September ndi October pomwe fumbi limalowa paliponse, ndipo ndinaisokera kansalu kovindikira. Timazimitsa ndi batani lake osati kungozula pakhoma, kuti hedi ibwerere pamalo pake pomwe imatsekeka isaume, magetsi akaithimitsa mwadzidzidzi timaiyatsa akangobwera kuti idzikonze. Head cleaning, kutsuka hedi, ndi ya pomwe mizere ya nozzle check yaduka basi, osamangodina, imadya inki nkudzaza kathonje kaja msanga. Inki isatsike kupitirira mzere wapansi chifukwa mpweya ukalowa m'mapaipi ndi vuto lina. Ndipo inki yosadziwika yogulitsidwa m'mabotolo opanda dzina ine sindiika, botolo lenileni likukhalitsa chonchi palibe chomwe ndingapulumutse.

Ngati kwanu mumapulinta tsamba limodzi pa miyezi iwiri, pulinta ya inki ya mtundu uliwonse idzakuumirani, pitirizani kupulintitsa mtauni kapena funani laser yakuda. Bambo okonza aja anandiuzanso kuti mukamasamuka nayo muinyamule chogona mmene imakhalira patebulo, osaipendeketsa kapena kuiimika m'buti ya galimoto, zotsekera za mathanki zitatsekedwa bwino.